Mngelo ndi Ngodya

Ku Aberdeen mwala ndi wotuwa, thambo nalo lotuwa,
ndipo m'shedi ya bambo Rennie
fumbi limakhala m'mano mpaka Lamulungu.
Ndinalowa ntchito kumeneko ndevu zisanamere,
kusema mayina a anthu amene sadzawerenganso.

Tsiku loyamba mkuluyo sanandipatse nyundo.
Anandipatsa pepala, mawu ali awiriawiri ngati mapasa.
"Uyu ndi desert, chipululu, mchenga ndi ludzu.
Umuonjezere s mmodzi, wasanduka dessert,
zotsekemera zimene mwana amadikira atakankha mbale.
Uyu quiet, bata la kumanda.
Uyu quite, amangovomereza kuti ndithu.
Marital ndi za banja, martial ndi za nkhondo."
Apa anatsokomola, nayang'ana cha kunyumba kwake,
osaonjezera kanthu.
"Papepala umafufuta, Struan. Pamwala ayi."

Ndinaseka chamumtima.
Chingerezi ndinayamwira kubere,
angandiphunzitse ndani chilankhulo cha mayi anga?

Mu Novembala kunabwera mayi Garvie,
chikhoti chonyowa, kapepala kopindapinda m'dzanja.
Mwamuna wawo Lachlan, mmisiri wa matabwa,
anali atagona milungu isanu m'nthaka.
Ana ndiwo anasankha mawu: our angel, mngelo wathu.

Masiku anayi ndinagogoda,
wailesi ikubwebweta za mpira,
zala zitauma gwa ndi chisanu.
Ndinauzira fumbi,
ndinabwerera m'mbuyo kuti ndidzitame,
ndipo l anali atadumpha e.
Angle. Ngodya.
Munthu wafa, ine ndamutcha ngodya yathu.

Bambo Rennie sanakalipe.
Anavula magalasi, nawerenga pa zala
mtengo wa mwala wina:
malipiro anga a milungu isanu ndi iwiri.

Mayi Garvie anatulukira Lachisanu, tisanabise.
Anaima. Anawerenga. Milomo inanjenjemera,
ine n'kumati misozi ija yayambika,
koma chinatuluka ndi chiseko,
chosweka, chadzimbiri,
cha munthu amene sanaseke chichitikire maliro.

"Mngelo? Lachlan?
Uja ankatukwana mphaka,
n'kuiwala tsiku langa lobadwa zaka makumi atatu?
Koma ngodya, mwanawe, ngodya ankaidziwa.
Ankalowa m'nyumba ya eni, n'kusolola sikweya m'thumba,
kuyeza chitseko chawo asanapereke moni.
Mashelefu a kukhitchini kwanga sanapendekepo.
Usakhudze.
Wamulemba bwino kuposa ana ake."

Mwalawo ulipo, pafupi ndi mpanda,
kumene mphepo ya kudoko imafika ndi mchere.
Odutsa amaloza, amanong'onezana za mmisiri mbuli.
Sindiwayankha.

Koma musati ndinapulumuka ndi nzeru.
Linali tsoka, linangogwera pofewa.
Chaka chotsatira, pa mwala wa khanda,
dzanja langa linafuna kusema loose pamalo pa lose,
kumasuka pamalo pa kutaya,
ndipo kumeneko kukanakhala kulibe woseka.
Bambo Rennie anandigwira pamkono,
o wachiwiri ali choko chabe.

Iwo anapita kale. Mwala wawo ndinasema ndine,
dzina, zaka ziwiri, basi,
anakaniratu mawu ena alionse.
Pepala lija likadali pakhoma, lachita chikasu,
m'munsi ndinaonjezamo mzere wanga.
Dzulo Morven, mtsikana amene wayamba ntchito,
analiwerenga akutafuna chingamu,
nandiyang'ana monga ndinawayang'anira ine.
Sindinamuuze za mayi Garvie.
Ndinangomupatsa choko,
n'kumuuza atchule chilembo chilichonse mokweza,
chala chili pamwala,
ngati mwana woyamba sukulu,
nyundo ikudikira patebulo.