Kho! wa m'Makina a Mayi Wosadziwika

Ndinawagula Lamlungu pa msika wa zakale
kumunsi kwa mapiri a Valparaíso,
kwa mnyamata wogulitsanso mawotchi akufa
ndi nsapato zosowa zinzake.
"Amasoka mwakachetechete ngati mphaka akuyenda," anatero,
maso ali pa mapeso anga.

Ine ndi Amaro tinawakweza masitepe osatha,
chitsulo chakuda bii, maluwa agolide atafwifwa m'khosi,
Amaro akutukwana pokhota paliponse.

Usiku nditaponda chopondera:
gwede, gwede, kho!
gwede, gwede, kho!
Mphaka wake uti?
Uyu ndi bulu wodwala chifuwa.

Ndinayamba ndi singano, poti ndiye wosavuta kumunamizira.
Ndinachotsa yakale, ndinaika yatsopano,
mbali yaphwatalala kuloza koyenera.
Kho!
Ndinadontheza oyilo m'kabowo kalikonse
mpaka zala kununkha ngati za makaniko wa pa doko.
Kho!
Lamba wachikopa ndinamudula pang'ono, ndinamulumikizanso,
ndinamanga zonse zogwedera,
ndinapsinjika mwendo wa tebulo ndi katoni,
ndinasolola ulusi wonse kuti ayende opanda kanthu.
Iwo osasintha mawu.

Lachitatu ndodo ya tsache inagogoda pansi pa mapazi anga.
A Evaristo Quilodrán, okhala chipinda cha m'munsi,
zaka makumi atatu m'mimba mwa sitima zapamadzi,
anakwera atavala masilipasi, akupuma mwa befu.
Ndinakonzeka kupepesa.
Iwo anati, "Fresia, ukupondanji ngati ukuthawa ngongole?
Chitsulo sachifunsa chikuthamanga.
Zunguza ndi dzanja."

Anatenga sikuludiraiva wamtali,
nsonga pa makina, chigwiriro pa khutu,
maso atatsinzina ngati ali pa Misa.
Anamvera pamwamba. Ayi.
Anamvera pa gudumu. Ayi.
"Akulira kangati gudumu likazungulira kamodzi?"
Kamodzi.
"Singano ili kuti?"
Ikutsika.
"Ndiye ukufunafuna chiyani kudenga?"

Tinawagoneka chagada ngati wodwala.
Ndinamasula kachitseko ka pansi pa singano,
ndinatulutsa bobini ndi kanyumba kake,
Amaro atagwira tochi molakwika monga mwa nthawi zonse.
M'mano okoka nsalu munali fumbi lolimba ngati bulangete.
Mswachi wakale, palafini pang'ono,
dzimbiri likutsika m'kasanza.

Ndipo m'kangalande momwe ngowe imazungulira,
kanthu kanati ng'ani:
nsonga ya singano yothyoka,
yochepa kuposa njere ya mpunga,
itakulungidwa mu ulusi wobiriwira
ndi tsitsi limodzi la imvi, lalitali.

Tonse tinangoti zii.
Panja galu wa oyandikana nawo anauwa kawiri.

Unali ukusoka chiyani, mayi iwe,
tsiku singanoyo inati thyo?
Diresi la ubatizo? Makatani a nyumba yalendi?
Kapena nthaka inagwedezeka, monga ichitira kuno,
iwe n'kuthawira kumtunda nsalu ili pansi pa phazi lachitsulo?
Unafufuza kansongaka pansi pa tebulo ndi chikhatho,
kuopa mwana wokwawa?
Ana ako pogulitsa katundu
sanadziwe kuti akugulitsa ndi tsitsi lako lomwe.

A Evaristo anapukuta manja pa buluku.
"Ponda."
Ndinaponda.
Tiki-tiki-tiki-tiki,
ngati mvula yowaza pa malata a m'phirimu.
Ulusi wapansi unkachitabe timalupu,
zimenezo ndi za mawa, anatero,
akutsika masitepe chammbali.

Kansonga kaja ndinakaika m'botolo la mankhwala a mutu,
pamodzi ndi ulusi ndi tsitsi,
m'dilowa ya kumanzere.
Tsopano ndikupinda mpendero wa malaya a Amaro,
zenera lili pululu, magetsi a pa doko akuyaka.
Koma gudumu likazungulira, singano ikamatsika,
phazi langa limazengereza pang'ono
pamalo paja pankamveka kho.