Mbande za Zuze

Liwulo lidafika kwathu ku Muona pa njinga,
m'envulopu yonyowa ndi thukuta la akatekisi a Fombe,
mwezi wa Okutobala,
dzuwa likuphika ngakhale mbuzi zobisala pansi pa ngolo.

Amayi adalilandira ndi manja awiri
koma lilime lidawaterera:
semenale, siminale, sinale,
mpaka adangoti "kusukulu ya ansembe,"
nabwerera kukapeta mapira.

Ine, kamtsikana kosadziwa kutseka pakamwa,
ndidafunsa kuti seminaleyo n'chiyani.
A Fombe adatsamiza njinga pa bwemba,
nadzipepesa ndi chipewa.
"Ndi Chilatini, mwanawe, chinenero cha Misa yakale.
Kumeneko mbewu amati semeni,
ndipo pomwe amafesa mbewuzo podikira kuwokera
ndiye seminale.
Nazale basi,
ngati ya mpunga ya abambo ako kusikimu."
Ndidaseka mpaka chifuwa kuwawa:
ndiye kuti achimwene akukakhala mbande?

Zuze adapita ndi sutikesi yachitsulo,
mbuzi zitatu zitasanduka nsapato, malaya oyera ndi sopo.
Adakwera mapiri a ku Thyolo
kunka kumene amati anthu amagona chofunda bulangete.

Liwulo lidatsala nafe, nkumanenepa.
Pamjigo amayi sankaimanso pamzere:
"Tungani, mayi a mseminale."
Mnyamata akakana kachasu pamsika
anzake ankamuseka, "Iwe, pano si pa seminale."
Asani, wogulitsa mchere, adandiuza tsiku lina
kuti kwawo mawu ake ndi madalasa,
ndipo satanthauza mbewu ayi, koma kuwerenga.
Ndidamuyankha kuti lathu limamera.

Zaka zisanu ndi zinayi.

Chaka chimene Ruo adalowa m'nyumba osaodira,
tikugona m'kalasi, mayina athu ali m'kaundula wa ufa,
Zuze adatsika m'bwato
ndi sutikesi yomwe ija, yadzimbiri m'makona,
wopanda mkanjo, wopanda kolala.
Sadafotokoze.
Adangovula nsapato nkuyamba kufukula malata m'matope.

Pamenepo liwulo lidaonda,
nkumayenda chonong'ona kuseri kwa matenti:
walephera seminale,
amuchotsa, ayi wathawa, ayi pali mkazi.
Mbuzi zitatu zapita ndi madzi, adatero amalume,
ngakhale zidapita kale, pamtunda pouma.
Amayi, amene tsopano ankalitchula bwinobwino,
se-mi-na-le, ngati akuwerenga korona,
adalilavula, osalitolanso.

Lero ndamupeza kusikimu kusanache,
matope m'mawondo, udzudzu m'makutu,
akuzula mbande nkumamanga timitolo ndi mlaza.
Amang'ung'udza kanyimbo kosamveka mawu.
Ana a m'mudzi amabwera madzulo ndi makope awo a masamu,
akazi amasiye ndi makalata a kuboma,
ndipo pamaliro, wansembe akatsekeredwa ndi madzi,
anthu amatembenuka okha kuyang'ana iye.

Ndidamukumbutsa za a Fombe ndi bwemba uja.
Sadaseke.
Adatsuka mizu m'ngalande, nati:
"Mbande ikakhalitsa panazale imachita mfundo,
ukaiwokera siphukanso ana.
Ndipo wofesa sauza mbande ndime yake."
Ndidafuna kufunsa ngati zimamuwawa
belu la ku Fatima likalira,
koma adandipatsa mtolo, nkundilozera kumene kwatsalira.

Ndidawerama, ndikubaya matope ndi chala,
ziwiriziwiri, monga adatiphunzitsira abambo.
Akakowa adatera kumbuyo kwathu.
Mwana wanga Nyasha, atakhala pamzere wa ndime,
adakuwa kuti, "Amama, kusukulu akuti amalume anali ku semi... semi chiyani?"

Zuze adapitiriza kuwokera.
Ine ndidaimirira, msana ukulira,
madzi akudontha m'zigongono,
ndikufunafuna poyambira.