Manambala Anayi

Lachinayi lililonse ikangokwana eyiti koloko
a Pickersgill amaliza belu la pabedi.
Si msana, si kuchimbudzi,
akufuna ndiwapezere rimoti
yomwe aigonera okha pansi pa pilo.

Pa kanema pali chombo chachikulu kuposa Grimsby yense,
chakhala chikuyandama pakati pa nyenyezi zaka mazana atatu.
Anthu a m'menemo sanaonepo mvula.
Amadzuka Liwu likanena, amadya Liwu likanena,
ndipo Liwulo, lofatsa ngati namwino wa usiku,
limatsika m'timabowo ta kudenga
n'kumati: zonsezi n'zokomera inu nomwe.

A Pickersgill ankayendetsa sitima yophera nsomba
kunyanja komwe madzi amaundana pa ndevu.
Lero chitseko cha kumsewu chili ndi manambala anayi,
amene ndimawadziwa ndine, iwo ayi.
Shuga wa mu tiyi wawo anayezedwa ku ofesi.
Zenera limatseguka zala zitatu basi,
ndinayeza ndi dzanja langali.

Sabata ino mtsikana wokonza mapaipi a mpweya,
uja wometa mbali imodzi,
wapeza kachitseko komwe pa mapu palibe.
Liwu likuti kunjako kulibe kanthu,
kuli kuzizira kokhakokha.
Iye akuti: kapena mukunena zoona,
koma ndikaone ndi maso angawa.

Nkhalamba yamenya bulangete ndi chibakera.
Tsegula, mwana iwe, tsegula!
Mano oikirira atsala pang'ono kuthawa m'kamwa.
Ine chilili ndi kapu ya mapiritsi,
awiri oyera, limodzi lachikasu,
foni ya kampani ikunjenjemera m'thumba:
mwachedwa, chipinda chakhumi chikudikira.

Sindinawauzepo kuti nanenso ndili ndi Liwu langa.
Limakhala m'chitupa chomwe chinandilowetsa m'dziko muno,
momwe dzina langa analimangirira ku dzina la bwana
ngati mbuzi pachikhomo.
Ndiye ndimangoti inde.
Shifiti ya Lamulungu, inde. Ya Khirisimasi, inde.
Inde wangayo wafika posalala ngati sopo wotsala.

Koma musandimve molakwa.
Mu Febuluwale wina anaiwala kukhoma,
mayi Odell a m'chipinda chachitatu anatuluka ndi zovala zogonera.
Tinakawapeza pa siteji ya basi, milomo itachita bii,
akudikira amuna awo omwe anaikidwa kalekale.
Ndine ndinawafunditsa jekete.
Usiku umenewo manambala anayi aja ndinawadalitsa.
Liwu silinama masiku onse,
n'chifukwa chake limavuta kulida.

Mtsikana uja waika dzanja pa chogwirira.
Nyimbo yakwera, maina ayamba kutsetsereka pagalasi.
Zipitirira sabata yamawa.
A Pickersgill atukwana ndi mawu a padoko
omwe ku sekondale ku Ntcheu sanatiphunzitse,
kenako anditembenukira:
nanga iwe, ukanatsegula?

Ndangowapatsa madzi.
Ameza oyera awiri aja.
Lachikasu alibweza m'kapu ndi chala,
akuti limawagonetsa nkhani isanathe m'mutu.
Ndawachonderera kamodzi. Apukusa mutu.
Pa fomu pali bokosi la amwa, pali bokosi la akana.
Ndachonga lachiwirilo,
ndasaina dzina langa lonse, Esinala Chimtengo,
za ku ofesi tikaziona mawa.

Kenako ndakankha zenera, zala zitatu zomwezo.
Mphepo ya kudoko yalowa ndi fungo la mchere ndi dizilo.
Atsinzina, akuikoka pang'onopang'ono
ngati mwana woba uchi.
Foni yayambanso kunjenjemera.
Ndaisiya ichite kawiri
ndisanapise dzanja m'thumba.