Kope la Bandi

Ine ndimaimba ng'oma, komanso kope ndimasunga ndine.
Anzanga amati dzanja losaphonya kugunda
silingaphonye mametikali.

Lachinayi, ku Ulongwe:
mafuta, zikwi ziwiri.
Galimotoyi ndi ya amalume ake a Jasinto,
masiku ena imanyamula nkhuku,
n'chifukwa chake sipika yathu imanunkha chitosi.
Felismina amakhala kutsogolo, mawu ake amadana ndi fumbi.
Ine ndi Kandidu kumbuyo, mawondo pachibwano,
jenereta ikutigogoda m'nthiti pa dzenje lililonse.

Lachisanu, ku Tsangano:
chisanu chinaluma zala za Jasinto
mpaka gitala inachita chibwibwi.
Analowa anthu makumi atatu, olipira asanu ndi awiri,
enawo akuti ndi abale a mwini baraka.
Titatha, mwiniyo anatambasula manja opanda kanthu
n'kutiloza thumba la kachewere.
Ndinalemba: thumba limodzi.
Kuligawa panayi ndi cholembera kunandikanika.

Pa Zobwe wapolisi anatiimitsa.
Anasisita tayala losalala ngati chipumi,
nati kukhosi kwake kwauma.
Felismina anatsika osavala nsapato
n'kumuimbira ndime imodzi yokha
ya nyimbo yathu ya mwamuna wopita kumgodi osabwerera.
Munthu uja anapenya phiri nthawi yaitali,
kenako anatikupiza ndi dzanja ngati ntchentche.
Pamenepo sindinalembe kanthu.

Loweruka, ku Moatize:
malasha m'mphuno, malasha m'mano.
Nsambo ya besi inaduka pa nyimbo yachitatu.
Kandidu anazemba, nabwera ndi waya wa buleki
wa njinga yamoto ya munthu
amene ankavina patsogolo pathu osadziwa kanthu.
Waya uja unalira mokoma kuposa wa m'sitolo.
Anyamata akumgodi anaponda dansi
mpaka nsapato zawo zinakumba simenti,
wina n'kumata ndalama pamphumi pa Felismina,
thukuta likuigwira.
Mwini njinga, mazana atatu ndi kupepesa kwambiri.
Zotsalazo ndinaziwerenga kawiri kuseri kwa chimbudzi,
foni ndili nayo kukamwa, ikundiunikira.

Lamulungu, mumzinda wa Tete, sitinaimbe.
Amene anatiitana foni yake inafa.
Kutentha kwa kuno kumakugwira pakhosi ngati wangongole.
Tinayala makatoni pafupi ndi mlatho,
Zambezi akudutsa osatifunsa kuti ndife ayani.

Felismina anaimbira ku Domwe,
kumene mng'ono wake akumusungira mwana.
Ndinamva akunena kuti mpatseni, mpatseni ndimumve.
Mwanayo akuti wakana, akusewera.
Anabwerera, nakhala pa sipika,
n'kuyamba kutafuna masau limodzilimodzi,
njere akuzisunga m'dzanja.
Palibe anamufunsa. Mawa mawuwo tikuwafuna athunthu.

Jasinto anati mlamu wake wamupezera ya ulonda,
yamalipiro a pamwezi, yunifomu yaulere,
ulendo uno ndi womaliza.
Ananenanso chimodzimodzi ku Songo chaka chatha.
Atatha kulankhula anatenga gitala
n'kuyamba kufunafuna kanyimbo kena
kamene kanamubwerera tili pa dzenje lina la ku Tsangano.
Kandidu anamulondola ndi waya wa buleki uja.
Ine ndinapezeka ndikumenya chigubu cha mafuta.
Mlonda wa sitolo yapafupi anatikalipira,
koma phazi lake linkamutsutsa.

Pakati pa usiku ndinawonkhetsa.
Kuchotsa mafuta, waya, mabanzi ndi ngongole ya tayala,
aliyense mazana anayi ndi makumi awiri,
ndi theka la kachewere woyamba kale kuphuka m'thumba.

Mawa ku Furankungu, ngati galimoto ivomera.
Akuti kumtundako mvula yayamba,
ng'oma zanga ndazikulunga m'kapulana ya Felismina.
Ndatsegula tsamba lina, ndalemba Lolemba pamwamba,
cholembera chikukana,
ndikuchipukusa.