Zenga la Dongo

Lachitatu m'mawa, pa mzere wachinayi,
pulawo inagogoda chinthu.
Mizhir anazimitsa thalakitala, natsika akutukwana,
poganiza kuti ndi chitsulo china chotsala pa nkhondo.
Minda ya kuno kumunsi kwa Firate imabala zotero.

Sichinali chitsulo ayi.
Linali dongo lootcha, lopindika ngati mwezi wa masiku atatu,
lobiriwira pang'ono, lobenthuka kunsonga.
Analipukuta pa malaya.
Chala chake chachikulu chinagwera m'kadzenje kosalala pa chigwiriro,
ngati kadzenjeko kanayezedwa pa dzanja lake.

Zenga.
Winawake, kale mizinda isanatchedwe mayina,
analibe mkuwa, ngakhale mwala analibe,
poti dziko lino ndi matope okhaokha.
Ndiye anatapa nthaka yomwe ankalimayo,
naiumba, naiotcha mpaka inalira ngati belu,
nabwerera nayo kumunda kukadula balere.

Mizhir anakhala pa tayala lotentha.
Chakumadzulo pampu ya dizilo inali kutsokomola,
ikuyamwa ngalande yotsala pang'ono kuphwa.
Pomwepo kale pankazungulira bulu womangidwa m'maso,
tsiku lonse ulendo, osafika kulikonse,
mitsuko ikukwera yodzaza, ikutsika yopanda kanthu.
Bambo ake anagulitsa buluyo chaka chimene pampu inabwera,
ndipo kwa sabata yathunthu sankagona,
akuti usiku unasowa phokoso lake.

Kenako feteleza m'matumba oyera.
Kenako mbewu yaifupi yosagwa ndi mphepo.
Kenako ngongole.

Dzana Batul, mwana wake wophunzira ku Nasiriya,
anamuonetsa munda womwewu pa foni,
wojambulidwa kuchokera kumwamba kumene sikufika mbalame.
"Mwaona zoyerazi, bambo? Ndi mchere.
Mukamathira madzi ambiri, umakwera.
Tigule mapaipi odontheza."
Iye anaseka, nati munda si wodwala wa m'chipatala
woti uzipatsidwa madzi dontho limodzilimodzi.
Koma anali atauona kale mcherewo, ndi maso ake,
utayera m'mizere ngati chikanga cha mbuu,
tirigu akukana, balere yekha akupirira.

Anatembenuza zenga m'manja.
Iwe mnzanga wopanda dzina,
kodi nawenso unkadzuka n'kupeza nthaka itachita imvi?
Unkakangana ndi wa kumtunda chifukwa chotseka madzi usiku?
Unali ndi mwana wodziwa zambiri
amene anabwera tsiku lina ndi zenga la mkuwa,
iwe n'kuseka?
Ili unalitaya, kapena linangokupulumuka madzulo,
msana ukuwawa, mtolo uli pamutu?

Dongo silinayankhe.
Panali chitsamba chaminga m'mbali mwa mzere,
anachigwira, nayesa.
Kamodzi, kawiri. Kachitatu chinaduka,
mokakamiza, koma chinaduka.

Akuluakulu a zakale ku Baghdad akanalifuna,
akanalilembera nambala n'kuligoneka m'galasi.
Mwina mawa. Mwina Batul akabwera Lachisanu.
Lero analikulunga m'kansalu ka girisi,
naliika m'bokosi pamodzi ndi masipanala,
pakati pa namba teni ndi namba thwelofu.

Injini inakana kawiri isanalire.
Akakowa anatera kumbuyo kwa pulawo,
akutola mphutsi m'nthaka yotembenuzidwa,
ndipo Mizhir, polima mzere wachisanu,
ankawerengera m'mutu mtengo wa mapaipi,
maso ali pansi,
akuyenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse.