Nkhomaliro ya Mphindi Zitatu

Timabokosi tija ndinatigula ku Limbe Loweruka,
tisanu, ka tsiku ka tsiku,
poti ku ofesi yathu ya esiteti kuno ku Thyolo
abwana anabweretsa mayikulowevu
ndipo tonse tayamba kuyenda ngati a m'tauni.

Pachivundikiro ajambulapo ntchafu ya nkhuku
yonona ngati ya tambala wa Khirisimasi,
mpunga woti mbee, ndi katsamba kobiriwira pambali
komwe sindinakaonepo m'dimba la munthu.

Ndaboola pulasitiki ndi foloko monga alembera.
Ndatseka kachitseko. Ndadina.
Mbale ikuzungulira yokha m'kuwala kwachikasu,
kuvina popanda woimbira ng'oma.
Ngwee!

Ine ntchito yanga ndi sikelo.
Zaka khumi ndi zinayi ndikuyeza masamba a tiyi,
dengu ndimalidziwa kulemera lisanafike pa mbedza.
Ndiye asandinamize.
Alemba magalamu mazana atatu
koma theka lake ndi msuzi,
ndipo nkhuku ija ndaiwerenga:
tizidutswa tinayi,
kachisanu ndi karoti wodzibisa.

M'mphepete mukuwaula lilime,
pakati pali zii ngati m'mawa wa chiperoni.
Kukoma kwake? Mchere watsogola,
shuga akubwera m'mbuyo ngati mlamu wosaitanidwa.
Nkhukuyi sindikhulupirira kuti inapalasapo dothi
kapena kuthamangitsidwapo ndi mwana kuseri kwa bafa.

Kumbuyo kwa kabokosi kuli timalemba
ta anthu a maso abwino.
Ndavala magalasi:
mafuta akuti, zomanga thupi zakuti,
kenako mayina ataliatali okhala ndi manambala
ngati mankhwala opopera m'munda.
A nesi Mukhuna a pa kiliniki
atandimanga chija chofinya mkono mwezi watha
anati, "Bambo Likoswe, magazi akuthamanga awa,
mchere muzingouonera patali."
Lero ndakumana nawo maso ndi maso.

Pawindo ndikuona pageti.
Mayi Nahipa akhala pa njerwa yawo
ndi ndowa ya kalongonda.
Anayamba kumuphika dzulo dzuwa lili paliwombo,
kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso,
poti kalongonda wophika mothamanga amazunguza mutu.
Othyola tiyi awazungulira, mapulasitiki a mame adakali m'chiuno,
uyu akunyema chinangwa,
uyo wang'amba peyala ndi chala chachikulu
n'kupatsa mnzake mbali yokhala ndi nthanga.
Akadzuka apo akwera chitunda
osatsika mpaka folo koloko.

Ine ola lisanathe
m'mimba mwayamba kuitana ngati lamya ya abwana.
Madzi ndamwa makapu atatu, ludzu lili pompo.
Manambala a m'kaundula akusinthana malo.

A Mpeketula a ku akaunti akuti ndizolowera,
eti kunja anthu amadya chonchi
n'chifukwa chake malamba awo sasowa mabowo.
Atatero atsegula dilowa pang'onopang'ono.
Ndaona ndi diso la kumbali
chimanga chootcha, chokulunga m'nyuzipepala.

Mufiriji mwatsala tinayi, ndinatilemba dzina langa.
Mtengo wa tiwiri
ukanandigulira nkhuku yamoyo pa Bvumbwe,
ya nthenga, mutu, zipalapasiro ndi nthutumba yomwe.
Mayi a kunyumba sindinawauze.

Koma kabokosika n'kolimba, ndisaname.
Ndakatsuka ndi sopo wa m'bafa la ofesi,
ndakayanika pawindo pafupi ndi sitampa.
Mawa thwelofu ikakwana nditsika nako pageti,
Mayi Nahipa adzazemo
mpaka chivundikiro chikane kutseka,
awonjezere kaphiri ka basera ndi tsabola pamwamba.

Ndikabwera nako ndidzaika mu mayikulowevu momwemo.
Tsiku lathunthu la moto wa nkhuni za bulugamu,
ine n'kuwonjezerapo mphindi zanga zitatu,
a Mpeketula amve fungo
atseke dilowa.