Chidutswa cha Nambala 17

Amandilipira kuti ndiziswa zinthu.
Ndikawauza a kumudzi pa foni amaseka,
ati ku Joni ntchito zathadi.

M'mawa wa Juni, zala zili gwa ndi chisanu,
ndatsika teksi pa Bree, ndakwera mtunda wa Braamfontein,
ndalowa m'chipinda chapansi chopanda zenera
momwe makina okoka amandidikira kukamwa kuli yasa.

Pa tebulo Kgomotso wandisiyira timatabwa takuda makumi awiri,
topepuka ngati mabisiketi.
Ulusi wa kaboni womizidwa m'pulasitiki,
tiwiritiwiri togwirana popanda guluu, popanda msomali.
Anangotenthetsa pakati, pulasitiki n'kusungunuka,
n'kuzizira tili chikumbatirane.
Iye amati n'kuwotcherera kumeneko.
Malume anga a Kachingwe ku Ndirande akanatsutsa:
kuwotcherera kwanji kopanda mbaliwali,
kopanda maso othothoka misozi usiku?
Iwo geti akamaliza ankalimenya katatu ndi hamala,
likapanda kulira zachilendo
mwini wake apisa m'thumba.

Kuno mng'alu timauika dala.
Kapepala kosamata timakasiya kumapeto kwa msoko,
poti chinthu chopanda chilema sitinachionepo.
Chomwe abwana a ndege akufuna kudziwa n'chakuti
chilemacho chikanyamuka ulendo
chimafuna mphamvu yochuluka bwanji kuti chiponde phazi lachiwiri.

Ndipaka utoto woyera m'mbali,
ndilemba timizere ndi rula,
ndilumitsa makina mlomo wam'mwamba ndi wam'munsi.
Milimita imodzi pa mphindi.
Nkhono ingatipitirire, n'kubwereranso kudzationa.

Diso pa galasi, ndimadikira.
Poyamba zii.
Kenako ka phokoso ngati nsabwe pakati pa zikhadabo,
utoto wang'ambika, kamzere kakuda kayamba kukwawa.
Msoko wabwino sulola msanga.
Ulusi wina umatsalira uli chitambasukire pakati pa mng'alu
ngati zingwe za mlatho uja wodutsa pamwamba pa sitima,
umaduka umodziumodzi, ukudandaula.
Ukadzatsegula mkati mumakhala manyenje, muli nyankhalala,
mbali iyi yatenga mnofu wa inzake.
Tikaona choncho Kgomotso amavina ndi mapewa.

Cha nambala 17 sichinadandaule.
Thaa!
Singano ya pa kompyuta inagwa ngati mwala m'chitsime,
ine khofi n'kutayikira pa ovolosi.
Nkhope ziwiri zosalala, zonyezimira,
ungamete ndevu ukudziyang'anira pamenepo.
Miyezi yonseyi zinangogundana, sizinalowane.

Mtsikanayo wavundukula kope lake,
chala chikutsika ndi masiku.
Lachinayi. Magetsi anathima,
jenereta inachedwa kudzuka masekondi angapo.
Watukwana m'chilankhulo chakwawo,
kenako walemba nambala bwinobwino, poti nayonso ndi yankho.
Kunja kwake chinali chimodzimodzi ndi zinzake.
Ndinachigwira ndekha m'mawa, ndinachipaka utoto,
sindinamve kanthu.

Madzulo ku Mayfair, m'kachipinda ka anthu atatu,
fumbi lachikasu la ku migodi lili pa zenera.
Ndaimbira Enelesi.
Chaka choyamba tinkalankhula mpaka foni kutentha khutu,
za mbuzi, za denga, za amene wakwatiwa.
Lero akuti ndalama zafika, ana ali bwino,
mayunitsi akuthera.
Mphindi ziwiri ndi theka, foni yandiwerengera.
Ichi n'chaka chachinayi chikukoka,
Joni mlomo wam'mwamba, Chiradzulu wam'munsi,
ndipo palibe anapaka utoto woyera m'mbali mwathu
kuti ndione pomwe mng'alu wafika.

Mwina ulusi ukadalipo, ukuduka umodziumodzi.
Mwina ndi kuchepa kwa mayunitsi basi.

Theka la nambala 17 lili m'thumba la jekete,
ndinayenera kuliponya m'bokosi la zotaya.
Ndikulisisita ndi chala chachikulu mumdima.
Mnzanga wa bedi lapamwamba akufunsa
ngati mawa ndingamubwereke ya teksi.
Mawa kwatsala zitatu zoti ndiswe.